Madzi saiwala khwawa: mafunso awiri tisanamange mafakitale ku eyapoti

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale ndinafika ku wailesi thalauzi lili lopinda mpaka m'maondo, nsapato zili m'pulasitiki. Mvula inagwa usiku wonse, ndipo kucoka pakhomo pathu kukafika pokwerera minibasi mseu sunali kuoneka. Panali cabe madzi ofiira, mabotolo ndi matewera a ana zili kuyandama. Pulogalamu ya tsikulo inali ya nchito za acinyamata, koma ine ndinayamba ndi kudandaula za madzi, monga munthu amene wangotulukamo kumene. Foni yoyamba inali ya mnyamata wa ku Mtendere, ndipo sanataye nthawi ndi moni wautali.

"Imwe ba presenter," anatero, "ise tinamvela ati ku airport kuzankala ma factory yambili. Manje imwe mukamba cabe va manzi. Manzi tinayajaila kudala. Ise tifuna nchito."

Ndinamuyankha mwacidule cifukwa mafoni ena anali kudikira, ndipo yankho langa silinandikhutiritse ngakhale ine mwini. Mnyamata uja anali ndi mfundo. Munthu amene anamaliza Grade 12 zaka zisanu zapitazo, ndipo mpaka lero akali kuthamangira mamotoka pa maloboti kugulitsa macaja a foni, safuna kumva za ngalande. Akamva kuti pafupi ndi bwalo la ndeke padzakhala mzinda wa mafakitale, m'maso mwake mumabwera yunifomu, malipiro a pamwezi ndi nambala ya NAPSA. Ndalemba nkhani ino kuti ndimuyankhe bwino, iye pamodzi ndi inu nonse amene muganiza monga iye.

Ganizo lomanga mafakitale pafupi ndi eyapoti si lacilendo. Limamveka bwino pamsonkhano, ndipo pa cithunzi ca pakompyuta limakongola kwambiri: nyumba zoyera, kapinga wobiriwira, ndeke ili kunyamuka capatali. Kuno ku Lusaka tili nalo kale. Pafupi ndi Kenneth Kaunda International Airport pali Lusaka East Multi-Facility Economic Zone, malo a mahekitala 570 amene anapatulidwa ca m'ma 2010 pansi pa mgwirizano wa Zambia ndi China. Makampani ena alimo, sindikana. Koma zaka zoposa khumi zapita, ndipo malowo sanakhale mzinda wodzala mafakitale umene tinali kuyembekezera. Inu a ku Chelstone, Kaunda Square ndi Kamanga, amene muli pafupi kuposa ise tonse, werengani anzanu amene amadzuka m'mawa kupita kukagwira nchito kumeneko. Muone ngati zala za manja awiri zitha.

Conco nthawi iliyonse imene munthu aimirira, kaya ndi nduna, kaya ndi mwini ndalama wocokera kunja, kunena kuti tionjezere mafakitale ca ku eyapoti, ine ndili ndi mafunso awiri. Madzi a mvula adzapita kuti? Nanga adzalowamo ndani? Ngati mafunso awa alibe mayankho olembedwa papepala, mnyamata wa ku Mtendere sadzaiona nchito ija. Adzaona nkhongole, ndi madzi ena oonjezera pa amene anawazolowera kale.

Funso loyamba: madzi adzapita kuti?

Tiyambe tapita kutali pang'ono, ku dziko limene linaphunzira nkhani iyi mowawa. Kumpoto kwa mzinda wa Bangkok, ku Thailand, kuli cigwa ca mtsinje wa Chao Phraya kumene kale kunali minda ya mpunga. Malo ake ndi athyathyathya ndipo anali ochipa, motero anamangako madera akuluakulu a mafakitale. Makampani ochuka a mamotoka ndi a zamakompyuta anadzazako. Mu Okutobala 2011 mtsinje unasefukira, ndipo madera asanu ndi awiri a mafakitale anamira kwa milungu yambiri. Kampani ya Honda inaphwanya mamotoka atsopano oposa 1,000 amene anamira pa fakitale yake ku Ayutthaya. Mitengo ya ma hard disk inakwera padziko lonse. Bwalo la ndeke la Don Mueang nalonso linalowa madzi, ndeke zili ciimire m'thamanda, ndipo linatsekedwa mpaka caka cotsatira. Anthu oposa 800 anafa, ndipo World Bank inawerengera kuti cionongeko conse cinapitirira madola 45 biliyoni. Anchito ambirimbiri anakhala panyumba kudikira kuti makina aume.

Zotere sizinathere mu 2011. Mu Meyi 2024 bwalo la ndeke la mzinda wa Porto Alegre ku Brazil linamira, ndipo ndeke za anthu sizinaterepo kwa miyezi yoposa isanu. Pali cifukwa cake mabwalo a ndeke ndi madzi amakumana kawirikawiri. Ndeke imafuna malo aakulu, osalala, opanda mapiri, akutali ndi nyumba za anthu. Malo otere nthawi zambiri amakhala opanda nyumba cifukwa makolo anawapewa dala. Anadziwa kuti m'dzinja pamakhala madzi.

Wina anena kuti Lusaka si Bangkok, ndipo ndi zoona. Eyapoti yathu ili pamtunda, mamita oposa 1,100 pamwamba pa nyanja yaikulu, ndipo palibe mtsinje waukulu wodutsa pafupi. Koma ife a mu Lusaka tidziwa kuti mzinda ungamire popanda mtsinje. Timalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa caka, ndipo pafupifupi yonse imagwa m'miyezi isanu, kuyambira Novembala kufika Malichi. Mzinda wathu ndi wathyathyathya. Mbali yaikulu, makamaka ca ku Kanyama, Misisi ndi Chawama, ili pamwala wa laimu wokhala ndi mapanga pansi, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikalimbikira, mapangawo amadzala, madzi amayamba kutumphuka kucokera pansi pa nyumba. Kusefukira kwathu ndi kwa mvula imene yasowa kolowera ndi kopita.

Apa ndi pamene konkire imalowera m'nkhani. Tiyeni ticite masamu a ku pulaimale. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, ndi malita 10,000 a madzi. Mvula yamphamvu ya mamilimita 50, imene ingagwe madzulo amodzi, ndi malita 500,000 pa hekitala. Tinene kuti theka cabe la mahekitala 570 aja laphimbidwa ndi malata, tala ndi konkire. Ndiye kuti malita oposa 140 miliyoni, kapena kuti madiramu oposa 670,000 a malita 210, agwera pamalo amene sangamwe madzi. Pamene panali thengo ndi udzu, gawo lalikulu la madzi amenewo linali kulowa m'nthaka pang'onopang'ono. Pa konkire onse amathamanga nthawi imodzi kufuna potsika. Mwini fakitale angakweze maziko ake ndi kumanga mpanda. Madziwo sasowa ai, amangopita kwa amene ali kumunsi.

Kumunsi kwa eyapoti kuli anthu. Cakumpoto kuli mtsinje wa Ngwerere, cakum'mwera kuli Chalimbana, ndipo yonse iwiri imathira mu Chongwe. Ngwerere ndi wolemedwa kale, cifukwa ngalande ya Bombay imanyamula madzi a m'tauni kupyola ku Garden kukawathira kumeneko, pamodzi ndi madzi ocokera ku maiwe a zonyansa. M'mbali mwa mitsinje iyi muli madimba amene amatipatsa repu ndi matimati a pa Soweto. Ndipo bvuto lili mbali ziwiri. Madzi amene athamanga mu Febuluwale ndi omwewo amene akanalowa pansi kuti mtsinje ukhale ndi moyo mu Okutobala. Anthu a m'tauni ya Chongwe aona kangapo mtsinje wao utauma, madzi akubwera ndi mathanki a pamotoka. Nkhondo ya Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka kumene Chalimbana amayambira, inali ya nkhani yomweyi. Nkhalangoyo inacotsedwa citetezo mu 1983, anthu a m'mbali mwa mtsinje anadandaula, ndipo inabwezeredwa mu 1996. Kuyambira mu 2017 zigawo zake zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba. Nthaka ya kum'mawa kwa mzinda ili kuphimbidwa caka ndi caka, ndipo aliyense womanga amayang'ana puloti yake cabe.

Kukonza ngalande pambuyo pomanga ndi kodula kwambiri. Pakati pa 2013 ndi 2018 dziko la America, kupyolera mu Millennium Challenge Corporation, linaika madola pafupifupi 355 miliyoni pa nchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka, kuphatikizapo ya Bombay. Inathandiza, koma makomboni ambiri akali kumira. Mu 2010 mabanja a ku Misisi ndi madera apafupi anagona m'matenti ku Independence Stadium. Kumapeto kwa 2023 kolera inabuka, inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo National Heroes Stadium inasanduka cipatala. Madzi osefukira amalowa m'zimbudzi zokumba, n'kucoka m'menemo kupita m'zitsime. Kwa ife mtengo wa ngalande yoiwalika ndi maliro.

Mlamu wanga anagula puloti mu Seputembala ca kum'mawa kwa tauni. Malo anali ouma gwa, udzu utapsa, wogulitsa ali kuloza kumwamba kumene ndeke inali kutsika, ati muone pafupi pake. Anamanga maziko asanaone dzinja ngakhale limodzi. Mu Januwale tinapita kukaona, tinapeza acule ali kuimba m'cipinda cogona. Agogo ena a pafupi anangoti, "Mwanawe, pano ndi pa dambo, tinali kudulapo udzu wofolerera." Mlamu wanga anataya ndalama zake yekha. Boma likalakwitsa motere, ndalama zimene zimatayika ndi zathu tonse. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo sawerenga cikwangwani ca kampani.

Funso laciwiri: adzalowamo ndani?

Tsopano tinene kuti ngalande zakonzedwa bwino. Funso lina likali ciimire. N'cifukwa ciani mwini fakitale angafune kukhala pafupi ndi ndeke? Yankho ndi limodzi: katundu wake ayenera kuuluka. Kutumiza katundu pa ndeke n'kodula kwambiri kuposa pa thiraki kapena pa sitima, motero zimene zimauluka ndi zinthu zopepuka, zodula, kapena zoonongeka msanga, monga maluwa, ndiwo zamasamba, mankhwala ndi tizipangizo ta mafoni.

Nanga Zambia amagulitsa ciani kunja? Mkuwa ndiwo umabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja, ndipo mkuwa suuluka. Umayenda pa mathiraki ndi pa njanji kupita ku madoko a Dar es Salaam, Durban, Beira ndi Walvis Bay. Shuga, simenti, sopo, zakumwa, mabisiketi ndi ufa zimadutsa pa Kasumbalesa kulowa mu Congo, kapena pa Mwami kulowa mu Malawi. Wopanga zinthu izi amaganiza za mseu wabwino ndi za mzere wa mathiraki pa malire. Ndeke imene idutsa pamwamba pa denga lake imangomusokosera. Miyala ya emerald ya ku Lufwanyama imauluka ndithu, koma ya ndalama zambirimbiri imakwana m'cikwama cimodzi. Sifuna mahekitala mazanamazana.

Tinali nayo bizinesi yeniyeni ya pa ndeke. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuciyambi kwa m'ma 2000, mafamu ozungulira Lusaka anali kutumiza maluwa a rozi ku Netherlands ndi ndiwo zamasamba ku masitolo a ku Britain, ndipo anthu ambiri, makamaka azimai, anapeza nchito. Kampani yaikulu ya Agriflora itagwa mu 2004, bizinesiyo inacepa kwambiri. Ku Kenya maluwa a ku Naivasha amadzaza ndeke pa bwalo la Jomo Kenyatta usiku uliwonse. Taonani dongosolo lake: alimi analima, ogula a ku Ulaya anaitanitsa, ndipo nyumba zozizira zosungiramo maluwa zinakula pa eyapoti cifukwa katundu anali atafika kale pakhomo. Nyumba inatsatira malonda. Ife timakonda kuyamba ndi nyumba, kenaka n'kumapemphera kuti malonda abwere.

Eyapoti yeniyeniyo itiphunzitse. Nyumba yatsopano ya apaulendo pa Kenneth Kaunda inatsegulidwa mu Ogasiti 2021. Inadya madola 360 miliyoni a nkhongole yocokera ku Exim Bank ya China, ndipo inamangidwa kuti izilandira anthu 4 miliyoni pa caka. Mu 2019, COVID-19 isanabwere, mabwalo athu onse anai akuluakulu, la Lusaka, Ndola, Livingstone ndi Mfuwe, pamodzi sanafike pa anthu 2 miliyoni. Nyumbayo ndi yokongola, ndipo tsiku lina idzadzala. Koma nkhongole siyembekeza kuti nyumba idzale. Mu Novembala 2020 Zambia anakhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira nkhongole zake m'nthawi ya mliri uja, ndipo tonse tinamva kuwawa kwake pa mtengo wa thumba la unga. Ku Sri Lanka zinafika poseketsa. Bwalo la ndeke la Mattala linatsegulidwa mu 2013 ndi ndalama za nkhongole, ndeke zinabwera zocepa kwambiri, ndipo mu 2015 nyumba yake ya katundu anasungiramo mpunga.

Pali dera limodzi la mafakitale kuno kwathu limene linakula msanga, ndilo la Chambishi ku Copperbelt, limene linakhazikitsidwa mu 2007. Cinsinsi cake n'coonekeratu. Pali mgodi, pali ng'anjo yosungunulira mkuwa, ndipo makampani ena anabwera kudzagulitsa zinthu kwa awiriwa. Wogula analipo kale. Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, ya mahekitala 2,100, inatenga zaka zambiri, mpaka boma litaikamo miseu, madzi ndi malaiti, kuti makampani monga Zambian Breweries ndi British American Tobacco amangemo. Mukaphatikiza kum'mwera ndi kum'mawa, mzinda umodzi uli kale ndi mahekitala oposa 2,600 opatulidwira mafakitale. Cimene cicedwetsa mafakitale mu Lusaka si kusowa kwa malo.

Funsani aliyense amene ali ndi makina, ngakhale a cigayo kapena ometera tsitsi, akuuzani cimene cimamusowetsa tulo. Mu 2024 cilala cinaphwetsa nyanja ya Kariba, ndipo m'miyezi ina nyumba zambiri zinali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Mwini fakitale amafunsa za malaiti osazima, madzi aukhondo, ciwongoladzanja ca kubanki, mtengo wa dola, ndi anthu okhala ndi ndalama zogulira katundu wake. Mpanda ndi geti yokongola siziyankha ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa. Makolo athu anaona fakitale ya njinga ku Chipata, ya mabatire ku Mansa, ya mamotoka a Fiat ku Livingstone ndi ya zinanazi ku Mwinilunga. Zinalemba anthu nchito pa nthawi yake, koma msika utatsegulidwa m'ma 1990 zinalephera kuima pazokha. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa ndi cikondwerero mu 2010, kenaka inakhala zaka ili cete kudikira katundu. Kudula riboni ndi tsiku limodzi. Kupeza makasitomala ndi nchito ya tsiku lililonse.

Palinso msampha wina. Kuti malo otere adzale, boma limakhululukira misonkho makampani olowamo. Ngati kampani yangosamuka kucoka ku Chinika kupita ku eyapoti, nchito zatsopano palibe. Anthu ndi omwe aja, koma msonkho umene ukanagula mankhwala ku kiliniki wacepa. Ndipo kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti munthu aike madola 500,000 kuti alandire zokhululukidwa zimenezi. Kalipentala wa pa Buseko sanali m'maganizo a amene analemba lamulolo.

Mafunso awiriwa ndi mapasa

Mwina muona monga ndakamba nkhani ziwiri zosiyana, koma zimadyetsana. Mwini ndalama wanzeru, asanasaine pepala, amatuma akatswiri kukaona malo, ndipo a inshuwalansi amafunsa mbiri ya madzi. Akamva kuti mseu wolowera umadzala m'dzinja, amapita kwina. Malo akakhala opanda obwereka, ndalama zosamalira ngalande zimasowa, udzu ndi mapulasitiki zimatseka mipaipi, ndipo dzinja lotsatira madzi amaculuka. Madzi amathamangitsa makampani, kusowa kwa makampani kumaitana madzi.

Ganizaninso za wanchito. Eyapoti ili makilomita oposa 20 kucoka pakati pa tauni. Wokhala ku Kanyama kapena ku Matero afunika mabasi awiri kupita, awiri kubwera. Malipiro a wanchito wamba sangapirire zimenezo, conco adzafuna kakhumbi pafupi ndi nchito. Malo ochipa amene adzapeza ndi a ku dambo, amene aliyense wawakana. Makomboni athu ambiri anabadwa motere, pafupi ndi mafakitale ndi makwale a miyala. Maenje a ku Misisi amene lero ndi maiwe oopsa anakumbidwa pofuna miyala yomangira mzinda. Pulani ya mafakitale imene ilibe tsamba la nyumba za anchito ndi pulani ya komboni yatsopano yomira.

Kodi ndiye kuti ndikana citukuko?

Ndidziwa zimene ena anena, cifukwa ndimazimva pa foni mlungu uliwonse. Ati anthu a mafunso ambiri ndiwo amacedwetsa dziko, ati maiko amene anatukuka analimba mtima n'kumanga. Pali coonadi pamenepo. Dziko lopanda doko monga lathu liyenera kugwiritsa nchito ndeke mwanzeru, ndipo nyumba zozizira za maluwa, mapeyala, uci ndi mankhwala pafupi ndi eyapoti ndi cinthu canzeru ngati alimi ndi ogula alipo. Cimene ndikana ndi kumanga cacikulu lero pa ndalama zobwereka, pamalo amene sitinawaone m'dzinja, poyembekezera alendo amene sanalonjeze kubwera. Tingayambe ndi mahekitala ocepa, pamalo okwera, ngalande ndi dziwe losungira madzi a mvula zikhale zoyamba kumangidwa, ndipo tionjezere pokhapo pamene gawo loyamba ladzala.

Komanso anthu ofuna malo ogwirirapo nchito tili nao kale, ndipo safunika kuwaitana ndi ndeke. Pitani mu Alick Nkhata Road ca ku Kalingalinga, kapena ku Garden, muone anyamata ali kuocherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa mseu, waya wa malaiti uli pansi pamatope. Pitani pa Buseko muone mipando ndi makabati zili kunyowa ndi mvula. Ku Kamwala atelala apanikizana m'tumashopu. Pa Soweto matimati amaola milu pamene m'masitolo tigula tomato sosi wocokera kunja. Awa ndi mafakitale amene ali ndi makasitomala lero. Apatseni shedi youma, malaiti odalirika, cimbudzi, madzi ndi lendi imene angakwanitse, pafupi ndi kumene akhala, ndipo aliyense wa iwo adzalemba mnyamata mmodzi kapena awiri. Nchito zimenezo sizidzaoneka pa TV ndi riboni, koma zidzafika ku Mtendere msanga.

Zimene ife tingacite

Sitili opanda mphamvu monga timaganizira. Lamulo la zacilengedwe la 2011 limafuna kuti pulojekiti yaikulu iliyonse ikhale ndi lipoti la mmene idzakhudzira malo ndi anthu, lipotilo lipite ku ZEMA, ndipo anthu ali ndi ufulu woliwerenga ndi kupereka maganizo ao. Misonkhano imeneyi imacitika, koma kawirikawiri acinyamata sitipitako, timasiyira mafumu ndi akuluakulu ocepa. Kuyambira Disembala 2023 tilinso ndi lamulo lotipatsa ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma. Tili ndi makhansala, tili ndi makomiti a citukuko a m'mawodi, tili ndi mawailesi amene amatsegula mafoni.

Tikapita kumeneko tisapite kukatukwana. Tipite ndi mafunso amene munthu sangawazembe. Tionetseni mapu a kumene madzi amayenda pamalopo, ojambulidwa m'dzinja. Madzi ocoka pa madenga anu adzathira mumtsinje uti, ndipo a kumunsi mwakamba nao? Ndi makampani angati amene asaina kale kuti adzalowa, ndipo adzapanga ciani cimene cifunika ndeke? Pa makampaniwo, ndi angati atsopano ndipo ndi angati ongosamuka? Malaiti adzacokera kuti Kariba ikaphwanso? Anchito adzagona kuti? Malo akakhala opanda anthu zaka khumi, adzalipira nkhongole ndani? Pulojekiti yabwino ili ndi mayankho a mafunso awa, ndipo eni ake amakondwa kuwapereka. Amene akwiya mukafunsa, akuuzani kale yankho. Paja safunsa anadya phula.

Kwa iwe mnyamata wa ku Mtendere, ngati uwerenga: sindinaiwale zimene unanena, ndipo nchito ndiifuna monga iwe, cifukwa nanenso ku wailesi ndimangodzipereka, malipiro kulibe. Koma mau akuti madzi tinawazolowera ndi amene amandiopsa. Tikazolowera, omanga nawonso amazolowera kusatifunsa. Nkhongole imene itengedwa lero, iwe ndi ine ndife tidzaibweza tili ndi imvi, pamene osaina adzakhala atapuma kale. Tsiku limene adzaitana anthu kuti akaone malo a mafakitale atsopano, tipite tonse. Koma tiwapemphe kuti ulendowo ukhale mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, ndipo onse atsike m'mamotoka ayende pansi.